Amene Anamwera Chikho cha Enelesi

A Zuze anamwalira Lachiwiri, anaikidwa Lachitatu, ine ndinamva Loweruka. Ndinamvanso mwangozi, kwa mayi wina wa ku Sinda amene anabwera kudzasankha chitenje pa tebulo langa mumsika wa Katete. Akutembenuza nsalu anangoti, "Paja mdala uja wokhoma ndowa pamsewu tinaika." Ndinafunsa kuti mdala uti, chonsecho mtima unali utadziwa kale.

Ndinakwiya, ndisaname. Foni ndili nayo, nambala yanga anthu a ku Sinda ali nayo, koma palibe anaimba. Ndinapinda zitenje mwaukali ngati ndizo zandilakwira. Koma pofika kunyumba mkwiyo unali utazizira, chifukwa ndinadzifunsa kuti iwe Filesi, ukanapita kumaliroko ngati ndani? Ndine ndinawachotsetsa ntchito a Zuze ndi pakamwa pangapa, ndili mwana wa Giredi 6, ndipo mpaka atsikira kuli chete nkhaniyo sindinaikonze.

Anali mlonda pa sukulu ya kwathu, m'midzi ya njira ya ku Vubwi. Ndati mlonda chifukwa ndilo dzina la ntchitoyo, koma cholonda panalibe, kupatula choko ndi mbendera. Ntchito zawo zenizeni zinali ziwiri: kuimba belu ndi kutunga madzi akumwa. Belulo linali limu ya gudumu la thirakitala yopachika pa mtengo, ndipo chitsulo choimbira ankayenda nacho m'thumba la jekete, kuopa ife. Anali munthu wamfupi, wa miyendo ya matewe, ndipo jekete lawo lakuda sankalivula ngakhale dzuwa liswe mtengo.

Kukangana ndiye ankakudziwa, abale. Ahedi anali ndi wotchi yapamkono, a Zuze anali ndi kawailesi, ndipo zinthu ziwirizi sizinagwirizanepo. Ahedi akati nthawi yakwana, a Zuze ankati wailesi sinanene. Ife a kutsidya kwa dambo tinkadziwa chinsinsi chake. Akationa tikuthamanga patali, ankayamba kutsokomola, kumanga chingwe cha nsapato, kufunafuna chitsulo chimene chili m'manja mwawo momwe, mpaka womaliza atalowa pa mzere. Ankanena kuti mwana amene wadzuka kukadali mame n'kuwoloka dambo wakwapulidwa kale ndi njira, ndodo yachiwiri ndi nkhanza chabe. Ankakangananso ndi amayi kuchitsime, ati ndowa zawo n'zakuda kunsi, zikuipitsa madzi a ana. Amayiwo ankawabwezera kuti mwamuna wanji wolimbirana chingwe ndi akazi.

Sanali mbadwa ya kwathu. Anawoloka kuchokera ku Mozambiki ali mnyamata, nthawi ya nkhondo ya kumeneko, n'kukwatira m'mudzi mwathu ngati mkamwini. Akazi awo anamwalira osasiya mwana, ndipo abale a mkaziyo anangowasiya m'nyumbamo mwachifundo. Munthu wotere pamsonkhano amakhala kumbuyo. Anthu akakondwa nawo ankati a Zuze a belu, akapsa nawo mtima ankati obwera. Ife ana tinkatsanzira kayankhulidwe kawo kokoka mawu, iwo n'kumangoseka.

Koma mfunda wawo unali Phiri, wanganso ndi Phiri. Tsiku limene anamva aphunzitsi akuitana dzina langa, ananditsatira panja nati, "Ha! Kani ndili ndi mlongo pano!" Kuyambira pamenepo sindinalinso Filesi. Ndinali mlongo wawo, ndipo ankandipatsa ulemu wa munthu wamkulu, inu, inu, ine mamina ali mbwee. Mango oyamba kupsa pa mtengo wa kuseri kwa ofesi ankandisungira ine. Anzanga ankachita nsanje, ine n'kumayenda mapewa m'mwamba.

Enelesi Banda anabwera pa sukulupo tili Giredi 4. Anali mtsikana wachete, wamtali, wolemba bwino kuposa tonsefe. Anagwa koyamba tili pa mzere wa m'mawa: kuuma gwa, kenaka kuphupha, thovu kukamwa. Matenda akugwa, khunyu. Kwathu tonse tinakula tikumva kuti thovu limenelo likakukhudza nawenso uyamba kugwa, ndipo ngakhale mpweya umene wodwala watulutsa pamene wagwa ukaupuma, basi watenga. Ankatero amayi, ankatero agogo, ndipo aphunzitsi ena ankakhulupirira zomwezo ngakhale sankanena.

Zimene tinamuchita mwana uja ndizinena momwe zinalili. Tinamupatsa dzina loti Kagwa. Juliyasi, mwana wa a Mwale, apampando a komiti ya makolo, ankadzigwetsa pansi n'kumaphupha dala, ife n'kumaomba m'manja, ndipo woseka mokweza kuposa onse ndinali ine. Pa desiki palibe ankalola kukhala naye, choncho ankakhala pa njerwa kumbuyo kwa kalasi. Akagwira mpira, tinkaukhula ndi mchenga. Chikho chomwera chinali chimodzi, chomangirira ndi chingwe ku ndowa, ndipo tinamuletsa kuchigwira. Ankakhala ndi ludzu kuyambira m'mawa mpaka poweruka, zaka ziwiri zathunthu.

Tsiku lina lotentha m'mwezi wa Okutobala, nthawi yopuma, a Zuze anaima pa ndowa paja n'kuitana mokweza.

"A Nabanda! Tabwerani kuno, mayi."

Enelesi anabwera akuyang'ana pansi. Anamutungira chikho chodzaza.

"Imwani."

"Andimenya," anatero motsitsa mawu.

"Akumenyani ndani ine ndili pano? Imwani."

Anamwa theka. A Zuze analandira chikho chija, n'kuchitembenuza mpaka anapeza mbali yeniyeni imene milomo ya Enelesi inakhudza, n'kumwera pomwepo madzi onse otsala. Anageya. Kenaka anatiyang'ana mmodzimmodzi.

"Mawa mulawire, mudzaone ngati ndagwa."

M'mawa mwake asanaimbe belu anazungulira kamodzi pamaso pathu, manja ali m'chiuno. "Ndagwa?" Anachita zimenezi sabata yonse. Tinaseka, koma kumva ayi. Tinangosiya kumwera chikhocho n'kuyamba kubwera ndi mabotolo athu, ndipo nkhani inafika kwa makolo kuti wobwera uja wayamba misala.

Kenaka linafika tsiku la moto. Linali Lachinayi masana, tikusesa ndi kutentha zinyalala kuseri kwa makalasi. Enelesi anali atanyamula mtolo wa masamba pamene anagwa, miyendo pafupi ndi moto. Onse anabalalika. Ine sindinathawe, osati chifukwa cha mtima wabwino ayi, miyendo inangouma ndi mantha. A Zuze ankachokera kuchitsime. Anataya ndowa n'kuthamanga akukuwa.

"Mlongo wanga, kokani! Kokani mkono!"

Ndinakoka. Diresi lake linali litagwira kale moto kumunsi, ndipo iwo anauzima ndi manja awo, opanda nsalu, opanda madzi. Anandiuza kuti ndikhale pansi, ndiike mutu wake pamiyendo panga chammbali kuti asatsamwe. Thovu linanyowetsa yunifolomu yanga yonse, anzanga akuonerera chapatali atatseka mphuno.

Enelesi atatsitsimuka n'kuperekezedwa kwawo, ndinakhala kuseri kwa ofesi ndikulira, ndikudikira kuti nanenso ndigwe. A Zuze anabwera n'kunjuta pambali panga, manja awo atatuluka matuza. Anandiuza kuti kwawo anali ndi mlongo wawo weniweni, wobadwa naye mimba imodzi, dzina lake Rozina, amene ankadwala matenda omwewa. Tsiku lina anagwera pamoto m'khitchini akuphika. Banja lonse linaima pakhomo likukuwa, osalowa, kuopa thovu.

"Ine ndinalipo," anatero. "Ndinali ndi manja awiri omwewa. Anakhala masiku atatu, ndipo pa masiku atatuwo sanandifunse kanthu, ankangondiyang'ana. Izi sindinauzepo munthu kuno, ngakhale malemu akazi anga. Ndakuuzani inu chifukwa ndinu a Phiri anzanga, ndipo lero mwachita chimene ine ndinalephera. Simugwa ayi. Pukutani misozi."

Sindinagwe, koma m'mawa mwake ndinapeza desiki langa lopanda anthu. Anzanga awiri amene ndinkakhala nawo anali atasamuka. Amayi anali ataponya kale yunifolomu ija m'chimbudzi n'kundisambitsa madzi a mizu. Juliyasi ananditcha Kagwa wachiwiri. Ndikadutsa ankatseka mphuno, ndikagwira mpira ankaukhula ndi mchenga. Zimene Enelesi anapirira zaka ziwiri, ine zinandikwana m'masabata awiri. Tsiku lina iye anabwera kudzakhala pafupi nane nthawi yopuma, n'kunditambasulira dzanja lodzaza nsawawa zokazinga. Ndinalimenya dzanjalo, nsawawa zonse mumchenga. Ndinamuuza kuti choka, ndiwe wandibweretsera tsoka. Anazitola imodziimodzi n'kubwerera ku njerwa yake.

Msonkhano wa makolo wokambirana nkhani ya moto ija unachitikira pansi pa mtengo wa belu womwewo. A Mwale anandiimiritsa pakati n'kundifunsa ngati ndinagwira mwana wodwalayo mwa kufuna kwanga. Ndinati ayi, anachita kundikakamiza a Zuze. Anthu anang'ung'udza, koma zikanathera pa kuwadzudzula basi. Kenaka a Mwale anatembenukira kwa makolo n'kufunsa kuti kodi munthu wobwerayu matenda amenewa amawakonderanji chonchi. Funsolo silinali langa. Palibe anandiyang'ana, palibe anandiopseza. Ndinangoona Juliyasi ndi anzanga ataunjikana pa zenera la kalasi, ndipo ndinafuna kubwerera pakati pawo.

"Mlongo wawonso ankagwa," ndinatero. "Anafera pamoto, iwo akuonerera. Anandiuza okha."

Kenaka mayi wina anakuwa kuti, "Mayo! Ndiye kuti zili m'magazi! Ndiponso ndi amene amatungira madzi ana athu!" Phokoso linabuka. Amayi a kuchitsime aja anakumbukira zonse za ndowa zawo. Ahedi, amene a Zuze anawaimbira belu zaka zonsezo, ankangoyang'ana wotchi yawo.

A Zuze anali atanjuta kumbuyo, chipewa pa bondo, manja atakulungidwa nsanza. A Mwale anawafunsa ngati mwanayu akunama. Anaimirira pang'onopang'ono n'kundiyang'ana ine, osati a Mwale.

"Sakunama. Ndinawauza ndithu. Ndinkayesa ndikuuza mlongo wanga."

Anatulutsa chitsulo cha belu m'thumba, n'kuchiika pa tebulo, n'kumapita. Palibe anawaitana.

M'mawa mwake anzanga anandisendera pa desiki. Juliyasi anandidulira nzimbe, ndipo ndinadya, inali yotsekemera. Enelesi sanabwerenso ku sukulu, chifukwa msonkhano womwewo unagamula kuti ayambe wachira. Mwana wolemba bwino kuposa tonsefe anathera Giredi 6.

Zotsatira ndinkangomva kwa anthu. Manja atapola, a Zuze anakangana ndi amalume ake a Enelesi masiku angapo, mpaka anawalola kumukweza mwanayo pa njinga kupita naye kuchipatala ku Katete. Mtunda umenewo pa njinga si masewera. Kumeneko anamupatsa mapilitsi, ndipo kugwa kunachepa mpaka kunkatha miyezi osamveka. Abale a malemu akazi awo anawauza kuti nyumba ija akuifuna, choncho anamanga katundu n'kupita ku Sinda, kumene anaphunzira kukhoma ndowa, zothirira ndi mbaula m'mbali mwa msewu waukulu. Enelesi atakula anakwatiwa ndi mlimi wa thonje wa konko, ndipo akuti ndi a Zuze amene anakhala pansi ndi mwamunayo n'kumuuza zonse za matendawo ukwati usanachitike, kuti ngati n'kuthawa athawiretu.

A ku Sinda amadziwa a Zuze ena, osati athu aja. Amati anali mdala wouma pakamwa. Ukawafunsa kwawo ankati kwawo ndi pamene pali nyundo yawo. Kukangana sanasiye: ndi makondakitala oimika minibasi pa malata awo, ndi mlaliki wina amene ankati matenda akugwa ndi ziwanda, amene anamuthamangitsa ndi mbaula m'manja. Ana a sukulu akamadutsa akuzunza mnzawo, ankamenya lata mwamphamvu mpaka atabalalika. Koma mwana aliyense ankamuitana kuti iwe. Panalibenso wa mango, panalibenso mlongo.

Ine ndinakhala zaka zambiri ndikudziuza kuti ndinali mwana, mwana salakwa. Amene anandiswa mtima ndi mwana wanga wamwamuna, amene ali ndi chibwibwi. Anabwera kuchokera ku sukulu tsiku lina, osalira, osadya, n'kundifunsa ngati angasiye sukulu azindithandiza kumsika. Nditamufunsitsa anati si omuseka amene amamupweteka mtima, koma mnzake wapamtima amene tsiku limenelo anaseka nawo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Sabata yomweyo ndinakwera minibasi ya ku Sinda. Papita zaka zisanu ndi chimodzi tsopano.

Ndinawapeza akukhoma chogwirira cha ndowa, tsitsi lonse mbuu. Anandizindikira ndisanatchule dzina.

"Mayi Phiri," anatero. "Mwabwera kudzagula mbaula?"

Mayi Phiri. Bola akanandimenya ndi nyundo ija. Ndinagwada pa fumbi, anthu akudutsa, n'kunena zonse zimene ndinakonza m'minibasi. Anandisiya mpaka ndinamaliza, osasiya kukhoma.

"Zinandiwawa," anatero pomaliza. "Musamve kuti sizinandiwawe. Ntchito ija si kanthu, belu aliyense angaimbe. Koma Rozina ndinamusunga mumtima zaka zonse, inu n'kukamugoneka pabwalo kuti anthu amulavulire. Chimenecho mpaka lero chimandidzutsa." Anaika nyundo pansi. "Komabe ine ndine wakale. Pepani wanuyu mwafika naye pa khomo lolakwika. Amene munamulanda sukulu ali kuseri kwa msikawu, pafupi pomwepa, mufika fodya mmodzi asanathe. Dzukani, ndikuperekezeni. Mukakamupepesa iyeyo, ine ndidzakuitanani dzina lanu lakale."

Ndinayang'ana njira imene ankaloza. Kugwadira mdala kunali kosavuta. Kuyang'ana Enelesi m'maso ndiye ayi. Minibasi ya ku Katete inali ikuliza hutala, ndipo ndinati tebulo ndasiyira mnzanga, ndibwera Lachisanu ndi kanthu m'manja, si bwino kupita chimanjamanja. Ndinawalembera nambala yanga pa kachikatoni.

"Lachisanu," anatero, n'kutolanso nyundo.

Sindinapite. Lachisanu loyamba kunagwa mvula, lotsatira lake kunabwera katundu, kenaka manyazi a kuchedwa anaposa manyazi oyamba aja. Pa Sinda ndadutsapo kambirimbiri popita ku Lusaka kukagula nsalu, ndipo nthawi zonse ndinkakhala mbali ya minibasi yosayang'ana malata awo.

Lolemba lapitali ndinapita ku Sinda kukapepesa maliro. Anthu anandilozera kwa Enelesi, nyumba ya njerwa zootcha yokhala ndi nkhokwe ziwiri. Enelesi anali pakhonde akusenda nsawawa, mayi wonenepa bwino, wa ana anayi, chipsera cha moto chikuonekabe pa mwendo. Ndi iye amene anawasunga a Zuze miyezi yawo yomaliza, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa phala. Anandiyalira mphasa, tinapatsana moni, ndinapepesa maliro monga mwa mwambo. Kenaka ndinayamba zinazo. Anandidula ndisanafike pakati.

"A Filesi, nambala yanu ndinali nayo. Ili m'jekete mwawo mpaka pano. Ndine ndinati asakuimbireni."

Ndinati ndamva.

"Tsiku lija mutachoka anabwera kuno akuseka, ine ndinali ndisanawaonepo akuseka chotero. Anati sesa pakhomo, Lachisanu kubwera mlendo, mlongo wanga akubwera. Ndinasesa, ndinapha nkhuku. Lachisanu lachiwiri ndinasesanso. Lachisanu lachitatu ndinawauza kuti ababa, ine nkhuku zandithera. Ine simunandinamize ayi, ndinakudziwani kale pa nsawawa zija. Koma iwo aja munawanamiza kawiri."

"Enelesi, ndikhululukire."

"Za sukulu ndinazisiya kale, ana anga akundiwerengera. Za mdala uja sindingakhululuke m'malo mwawo. Eni ake mwawachedwera."

Anandiperekeza mpaka pamsewu, chifukwa ndi munthu wolemekeza mlendo, n'kundisonyeza pamene a Zuze ankagwirira ntchito. Ndi kamthunzi ka mapolo anayi, denga la malata odulidwadulidwa, pakati pa wogulitsa makala ndi wokonza njinga. Zida anagawana kale anzawo. Patsala chitsa chimene ankakhomerapo, pamwamba pake posalala ngati mtondo wakale, ndi tizidutswa ta malata tambirimbiri tokwiririka mu fumbi. Ndowa imodzi yopanda chogwirira ili pakona, mwini wake sanabwere kudzatenga. Mbuzi zayamba kugonamo masana.

Wokonza njinga uja anandiona ndikuyang'anayang'ana n'kundifunsa ngati ndikufuna malowo. Anati ndi malo abwino, koma ndichotse mwala uwo, anthu amapunthwapo. Ndi mwala waukulu wafulati, uli panja pa mthunzi, padzuwa penipeni, m'mphepete mwa phula moyang'ana kumene minibasi za ku Katete zimatsitsira anthu. Anati mdala anachita kuugubuduza yekha kuchokera kuseri kwa msika, ndipo masiku ena onse sankaukhalira.

"Koma Lachisanu ndiye osawapatsa ntchito," anatero. "Ankangokhala pamenepo atavala jekete, kuwerenga anthu otsika."